Nkhuku Yosowa Woizinga

Munthu wokana savuta kukhala naye, chifukwa umadziwa pamene waima. Wovuta ndi uja wovomera chilichonse. Elifasi Kamphinda, mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Namitete, anali wa mtundu umenewu. Ukamuuza kuti kukubwera mvula, amati palibe vuto. Ukamuuza kuti mvula yakana, chimanga chapserera, palibe vuto. Mawu amenewa ndi amene anakopa Asiyatu poyamba, pakuti iye anakulira m'nyumba mmene chilichonse chinali ndi vuto lake. Koma chaka chitatha ali pa chibwenzi chobisa, mawu omwewo anayamba kumuwawa m'makutu.

Lachisanu masana Elifasi anamupeza pakhonde la sitolo pamene ankasokera zovala. Mawa lake linali tsiku lokamuonetsa kwa amayi ake kumudzi, kuseri kwa Nsaru.

"Amayi ako unawauza kuti ndine Msilamu?" anafunsa Asiyatu, phazi likupondabe makina.

"Kalekale."

"Anati chiyani?"

"Palibe vuto."

Asiyatu anaimitsa makina. "Anatero ndi iwowo, kapena ukutero ndi iweyo?"

Elifasi anaseka, nayamba kusewera ndi tepi yoyezera. Akamaseka ankaoneka bwino mnyamatayu, ndipo tsoka lake ankadziwa zimenezo.

"Siya tepiyo undimvere," anatero Asiyatu. "Mpango uwu sindivula. Palibe anandikakamiza, ndinayamba kuvala ndekha ndili kusekondale, amayi anga omwe akundinena kuti ndikudzionetsa. Kalasi ya kutchalitchi kwanu sindilowa. Nthawi ya swala, mapemphero athu, ikakwana ndiswali, kaya ndili kwathu kaya kwanu. Ndipo usadzandiuze kuti ukulowa Chisilamu chifukwa cha ine. Mulungu si njira yachidule yopitira kwa mkazi."

"Nanga tidzakwatirana bwanji?"

"Sindikudziwa, Eli. Funso limenelo ndimagona nalo, ndimadzuka nalo. Ashehe sangatimangitse ukwati iwe uli Mkhristu, abusa anunso sangatidalitse ine ndili chonchi. Koma tiyambe ndi zoona. Anthu atidziwe mmene tilili, zinazo tiziganiza limodzi."

"Palibe..."

"Ukangomaliza mawu amenewo ndikubaya ndi singano."

Anaseka onse awiri, pakuti kumukonda ankamukonda ndithu, ndipo chimenecho ndi chimene chinkamukwiyitsa kwambiri.

"China," anapitiriza Asiyatu. "Loweruka ababa amakhala pamsika wa Nsaru, akuzinga mbuzi za ogulitsa nyama. Tisadutse pamsika. Za iwe ndikufuna ndiwauze ndekha, ndi pakamwa panga, osati akamve kwa anthu."

Elifasi anayang'ana kumbali, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Asiyatu anaziona, koma nthawi yomweyo panafika mayi ndi diresi long'ambika, funso n'kuthawa.

* * *

M'mawa mwake Che Imedi, bambo a Asiyatu, ankanola mpeni wawo pamwala kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza kanyimbo. Anabwera kuno kuchokera ku Machinga ali mnyamata, kudzalima fodya wa eni ake pa esiteti. Fodyayo anawadya msana, koma mpeni unawapulumutsa. Wogulitsa nyama aliyense amafuna kuti Asilamu azigula nawo, ndiye mbuzi imadikira Msilamu woti aizinge potchula dzina la Mulungu. Anthu a kuno ankawaitana kuti aChe Imedi, ulemu pamwamba pa ulemu, ndipo iwo ankangoseka osawakonza.

Amayi a Asiyatu, Abiti Saidi, sankaseka wamba. Anamuyang'ana Asiyatu kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Diresi latsopano. Ulendo wakuti?"

"Ku Mpingu, amayi. Kukayeza anthu a paukwati."

"Maukwati a anzako ndiye umayeza. Wako udzayeza liti? Twaibu wabwera ku Joni ndi galimoto, kumzikiti sajomba, akwawo atumiza mawu mpaka atopa. Iwe dikirani, dikirani. Mpango kumutu ngati mkazi wa shehe, koma mwamuna wachisilamu ukumuthawa. Chisilamu chanji chimenecho?"

"Mpangowu ndimavalira Mulungu, amayi, sindivalira Twaibu."

"Tamumvani! Sukulu ya kumishoni ija ndi imene inamupatsa pakamwa."

Zinkamutopetsa Asiyatu zimenezi. Kumsika ankamuona kuti ndi Msilamu wopyola muyeso, kunyumba ankamuona kuti ndi woperewera, ndipo onse ankayeza mpango womwewo.

Che Imedi anatulukira akukulunga mpeni m'kansanza. "Musiyeni mwanayu, amake. Anandipempha nthawi, ndamupatsa nthawi. Akwawo a Twaibu ndawauza adikire. Asiyatu sanandinamizepo chibadwire. Akakhala ndi chonena adzanena." Analiza njinga yawo yamoto. "Ndikakusiye pa siteji?"

"Ayi ababa, ndiyenda."

Anatuluka msanga, osawayang'ana bambo ake kumaso.

* * *

Anakumana ndi Elifasi kunja kwa Namitete, nadutsa njira ya kudambo pa kabaza, msika wa Nsaru n'kuuzemba bwinobwino.

Amayi a Elifasi, aNangondo, anali mayi wamasiye wa mkulu wa mpingo, komanso mtsogoleri wa Chigwirizano, gulu la amayi a kutchalitchi. Tisawanamizire, anakonzeka ndi mtima wonse. Bwalo analisesa mpaka nyerere kusowa pobisala. Anagula poto watsopano amene sanaonepo mafuta a nkhumba. Nkhumba zenizenizo anazitsekera m'khola n'kutchinga ndi mapesi kuti mlendo asazione, ngakhale kuti kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu.

Koma pakhomopo panalinso Olive, mwana wa aneba, woimba kwaya, amene aNangondo anamusankhira Elifasi mumtima mwawo onse ali ku Sande sukulu. Ankagulitsa kaunjika ku Namitete, ndipo kumeneko kunalibe munthu amene Olive sankamudziwa, munthuyo ndi makolo ake omwe. Lero anati wabwera kudzathandiza kuphika.

Asiyatu anagwada, napereka moni.

"Takulandirani, mayi," anatero aNangondo. "Dzina lija ndani? Limandithawa."

"Asiyatu, amayi."

"Asiya-tu!" Olive anaomba m'manja akuseka. "Koma dzinali ndi labwino. Asiya chiyani kodi, kwawo kapena mpangowo?"

"Sindinabwere kudzasiya kanthu, achemwali. Ndabwera kudzaona amayi."

"Iii, ndimangocheza. Koma sukutenthani ndi dzuwa limeneli? Tsitsi lilipo m'katimo eti?"

"Lilipo. Likupereka moni."

Elifasi anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira, nathamangira pansi pa nkhokwe pamene tambala wofiira anamangidwa miyendo. Anatenga mpeni wa kukhitchini.

"Aphunzitsi!" anakuwa Olive. "Chaka chonse muli ndi anzathuwa, simudziwa kuti sadya nyama yozinga ife?"

ANangondo anagwira pakamwa. Poto anagula, nkhumba anabisa, koma za wozinga sanaganizeko.

"Musavutike, amayi," anatero Asiyatu. "Ndipatseni mpeniwo ndizinge ndekha. Chipembedzo chathu chimalola, bola nditchule dzina la Mulungu."

"Mkazi kuzinga nkhuku? Mlendonso? Mukufuna mudzi wonse undiseke?"

"Ndiye nkhwani womwewu wakwana. Ndimaukonda."

"Mpongozi kudya nkhwani tsiku loyamba? Pakhomo pa malemu aKamphinda? Ayi, zimenezo sizinachitikepo."

Umu ndi mmene zimakhalira. Mwini chipembedzo anali atanena zimene chipembedzo chake chimalola, koma onse ankachidziwa bwino kuposa iyeyo. Olive anawanong'oneza aNangondo m'khutu, iwo n'kugwedeza mutu mokondwa, ndipo mtsikanayo anamanga chitenje natuluka pampanda. Tambala anabwezedwa pansi pa nkhokwe.

"Zatheka," anatero aNangondo. "Tiyeni m'nyumba, mayi. Iwe Elifasi, khala panja. Izi ndi za amayi."

* * *

M'nyumbamo anacheza bwino ndithu. ANangondo anafunsa za kusoka, nadandaula za bulauzi lawo limene telala wa pa Nsaru analiwononga m'khwapa. Asiyatu analonjeza kulikonza. Mtima wake unayamba kukhala pansi, mpaka anaganiza kuti mwina Elifasi ananena zoona, vuto palibedi.

Kenako aNangondo anatsegula sutikesi, natulutsa duku loyera lopindidwa bwino.

"Ili ndinasungira mkazi wa Elifasi. Ndi la Chigwirizano. Inuyo sizikuvutani, kufunda kumutu munazolowera kale, kwangotsala kusintha kamangidwe. Abusa ndalankhula nawo. Kalasi ikuyamba mwezi wamawa, mukamaliza mubatizidwa, dzina musankha nokha. Ine ndimaganiza Magdalena, ndi langa lachikhristu."

Asiyatu anayang'ana dukulo. "Kalasi, amayi?"

"Eya. Elifasi anandiuza kuti munavomera, mwangotsala kuchita manyazi ndi akwanu. Nanga mukuganiza kuti ndikanagula poto?"

Asiyatu anasuzumira pawindo. Elifasi anali atagwada pa njinga yakapalasa yopanda matayala, akuikonza ndi chidwi cha munthu amene sakufuna kuitanidwa. Asiyatu anatsegula pakamwa kuti awayankhe aNangondo, koma panja panamveka njinga yamoto ikulowa pampanda. Kulira kwake ankakudziwa. Anakumva m'mawa womwewo.

* * *

Olive anatsika kumbuyo kwa njinga akukonza chitenje, nkhope ili phee ngati wobwera ku mgonero. ANangondo anathamangira panja.

"AChe Imedi! Mwatithandiza, bambo. Pepani takuchotsani pantchito."

"Palibe kanthu, mayi, mbuzi zatha," anatero Che Imedi akumasula kansanza ka mpeni. Anali akuseka monga mwa nthawi zonse. "Mtsikanayu wandiuza panjira kuti mpongozi wanu ndi Msilamu, koma mwezi wamawa akuyamba kalasi. Ine ndati chabwino, nkhuku yake yomaliza ya halali ndiizinge ndine. Olira alire makolo ake. Ali kuti mlendoyo timupatse moni?"

Asiyatu akanatha kubisala kuchipinda. Anaganizako ndithu. Koma bodza limodzi linamukwana tsiku limenelo, choncho anatuluka naima pakhomo.

Kuseka kwa Che Imedi kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana diresi latsopano lija, nayang'ana duku loyera limene aNangondo anali nalobe m'manja.

"Ku Mpingu ndi kuno?"

Asiyatu anagwada pafumbi. "Ababa, za ulendo ndakunamizani. Ndalakwa, ndikhululukireni. Ndimafuna ndikuuzeni ndekha. Koma za kalasi sindinanenepo, ndipo sindilowa."

"Ababa?" ANangondo anatembenukira Olive. "Awa ndi bambo ake?"

"Iii, ine ndimadziwa ngati?" anatero Olive, amene kaunjika wake ankayala moyang'anana ndi khonde la Asiyatu.

"Nanga za kalasi akukana bwanji? Elifasi! Bwera kuno. Sunandiuze iwe kuti anavomera?"

Elifasi anabwera akukoka miyendo, manja ali bii ndi girisi. Che Imedi atamuona anatsinzina, natsegulanso maso.

"Aphunzitsi! Si inu mumabwera kumsika Loweruka kudzandigwirira mbuzi miyendo? Si inu munandiuza kuti mtima wanu ukufuna Chisilamu, ndikuphunzitseni? Ine mpaka kukauza ashehe kuti Mulungu watipatsa mphunzitsi. Kani mumafuna mwana wanga?"

"Akufuna chiyani?" ANangondo anakhala pa mtondo umene unali pafupi. "Elifasi, mwana wa mkulu wa mpingo? Kugwira mbuzi miyendo?"

"Amayi, ababa, tamverani," anatero Elifasi, ndipo liwu lakuti ababa linapsetsa mtima onse awiri nthawi imodzi. "Ine ndimangofuna aliyense akondwe. Ndimati mukatizolowera, zinazo zidzatheka zokha."

"Mwana wanu wanyenga mwana wanga," anatero Che Imedi.

"Wanu ndiye wasokoneza wanga! Asanamudziwe, Elifasi amatsogolera nyimbo. Lero akupezeka kumipeni."

"Wanga anabadwa Msilamu, adzafa Msilamu."

"Ndiye akufuna chiyani pakhomo pa Akhristu? Akalowa muno alowa kalasi, basi."

Asiyatu anadzuka osasasa ndi fumbi lomwe la m'maondo.

"Kodi ine ndilipo pano kapena ndinafa?" Mawu ake anamveka mpaka nkhumba zinakhala chete. "Kuyambira m'mawa aliyense akunena za Mulungu wanga. Amayi kunyumba akuti ndine woperewera. Amayi kuno andisankhira kale dzina. Achemwali awa akufuna kuona tsitsi. Iwe Elifasi wandigulitsa kutchalitchi, wadzigulitsa kumzikiti, zonse osandiuza. Nkhuku yomwe mwandikaniza kuzinga. Palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa kuti Asiyatu, iweyo ukuti bwanji?"

"Nena," anatero bambo ake motsitsa.

"Ndine Msilamu, ababa. Osati chifukwa ndinu bambo anga, koma chifukwa ndinafuna ndekha. Ndipo munthu uyu ndimamukonda, ngakhale pakali pano ndikulakalaka kumumenya ndi mpando. Ziwirizi ndizigwirizanitsa bwanji, sindikudziwa. Koma chimodzi sindichitaya kuti wina agone tulo."

Che Imedi anapita pansi pa nkhokwe, natenga tambala uja.

"Ndinaitanidwa kudzazinga. Nkhukuyi ilibe mlandu."

Anaponda mapiko, nati Bisimillahi, Allahu Akibaru, mpeni n'kudutsa kamodzi. Anaupukuta pa udzu, naukulunga m'kansanza, osayang'ana munthu.

"Kwera, tizipita," anauza mwana wawo.

"Usapite, Asi," anatero Elifasi. "Ukapita chonchi ndiye kuti zatha."

Asiyatu anayang'ana njinga, nayang'ana Elifasi. Kenako anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litapendeka.

"Amayi," anatero kwa aNangondo, "ndipatseniko madzi. Nthawi ya swala yakwana."

ANangondo anamuyang'anitsitsa mokwiya. Koma mlendo wopempha madzi sanamumanepo chibadwire. Analowa kukhitchini, nabwera nawo mu poto watsopano uja, pakuti ndi chiwiya chokhacho chimene ankachikhulupirira kuti mlendoyu sachikana.

Asiyatu anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, nayala chitenje pansi pa mtengo wa mango. Malowa anali achilendo, ndipo anazungulira osadziwa koyang'ana. Che Imedi, ali pa njinga, nkhope ili kumbali, anatambasula dzanja naloza chakumpoto.

* * *

Anaswali pabwalo la mkulu wa mpingo, misozi ikutsikira mumpango. Ali chiweramire anamva mawu a amuna akulankhula motsitsa, kenako mawu a aNangondo akuthwa. Atagunditsa chipumi pansi anamva njinga ikulira, ikutuluka pampanda, ikutalikira. Mtima unamuuza kuti adzuke athamangire bambo ake, koma swala sadula pakati.

Pomaliza anatembenuzira nkhope kumanja kupereka salamu. Pamene panali njinga panangotsala mkukuluzi wa matayala. Anatembenuzira kumanzere. Pakhomo la khitchini Olive anali atakhala pafupi ndi aNangondo, tambala ali m'beseni la madzi otentha, akumusosola ngati mwini khomo. Duku loyera lija linali paphewa pake.

Elifasi anabwera nanyonyomala patali pang'ono ndi chitenje.

"Ababa apita?" anafunsa Asiyatu.

"Apita. Akuti ubwere wekha, njira ya ku Mpingu ukuidziwa." Elifasi anayang'ana pansi. "Akutinso Lachisanu andidikira kumzikiti, ndikanene pamaso pa ashehe zimene ndinkanena kumsika. Ndikapanda kufika, Lamulungu alandira akwawo a Twaibu. Akuti nthawi imene anakupatsa yatha."

"Ndinakuuza kuti usalowe chifukwa cha ine."

"Unandiuza."

"Nanga amayi ako amakalipa chiyani?"

"Akuti ndikangoponda pakhomo la mzikiti, pano ndisadzabwerenso, ngakhale pamaliro awo."

Asiyatu anapinda chitenje chake pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya, monga amapindira nsalu ya kasitomala. Ankaopa kufunsa, chifukwa yankho ankalidziwa kale.

"Ababa wawayankha chiyani, Elifasi?"

Mnyamatayo anayang'ana manja ake a girisi. "Ndati palibe vuto."

"Nanga amayi ako?"

Elifasi anayamba kupukutira girisi pa buluku. Kukhitchini Olive anayamba nyimbo ya kwaya, nthenga zofiira zikuuluka pabwalo lonse lija analisesa m'mawa.

"Elifasi, ndikukufunsa. Amayi ako wawayankha chiyani?"

"Chimodzimodzi," anatero.